Moto wa Pansi pa Mtaya

Ine ndine wozimitsa moto. Ntchito imeneyi ndinaiyamba ndisanakwatire, ndipo moto ndimaudziwa monga momwe munthu amadziwira galu wa aneba: ndimadziwa pamene ukungouwa ndi pamene ukufunadi kuluma. Koma moto wa ku mtaya wa zinyalala unatipusitsa, ine ndi gulu langa lonse, chilimwe chathunthu.

Mtayawo uli kumapeto kwa tauni, kuseri kwa fakitale ya matabwa yomwe inatsekedwa kalekale. Ndi chiphiri cha zinyalala chokwiriridwa ndi dothi, ndipo malo ena panamera udzu mpaka mbuzi kumadyapo. Utsi unayamba kutuluka chakumunsi, kufupi ndi mpanda. Unali wotuwa, wonunkha ngati tayala lopsa losakanikirana ndi nsanza zonyowa. Malawi osaoneka. Tinkafika m'mawa, kuimika galimoto pa kamsewu kokwera pakati pa mtayawo, kutsitsa mapaipi, kuthira madzi mpaka thanki kuuma. Utsi unkaleka. Tikangokhala pansi ku siteshoni kuti tidye, foni inkalira kuti wayambanso.

Ana a m'nyumba zoyandikana ndi mtayawo anayamba kutithamangira akuimba kuti abwera othirira dimba. Zoseka za ana sizinkandipweteka kwenikweni. Chinkandipweteka n'chakuti amayi athu amakhala dera lomwelo, ndipo ali ndi mphumu. Mawindo ankakhala otseka usana wonse, pansi pa chitseko atatsekapo ndi thaulo lonyowa, koma ukalowa unkawamva akupuma ngati munthu wokwera phiri.

Lamlungu lina tinakumana kwa amayi, ine, mkazi wanga ndi mlongo wanga wamng'ono. Iyeyu ndi mzime m'nyumba mwathu, ndipo dzina lakuti Mzime linam'kanirira mpaka lero, ngakhale ndi munthu wamkulu wokhala ndi ofesi yakeyake. Amagwira ntchito ku ofesi ya mapu. Chomwe tinkadziwa ife n'chakuti amakhala pa kompyuta kuyang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Amayi akafunsidwa ndi anzawo za ntchito ya mwana wawo, ankangoti, "Amaonera dziko, ndiye amamulipira."

Tikumwa tiyi, Mzime anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Achimwene, madzi mukuthirawa mukuthira pati?"

"Pamene pakutuluka utsi. Ukufuna tizithira pa denga la amayi?"

"Motowo munauona?"

"Utsi sufuka popanda moto, Mzime. Ngakhale kusukulu kwanu kuja ayenera kuti anakuuzani."

"Zoona. Koma utsi wa m'khitchini muno umatulukira pa windo la kuchipinda kwa amayi. Ndiye kuti mbaula ili kuchipinda?"

Mkazi wanga anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Amayi anati, "Muyankhe mlongo wako." Mzime sanapitirize kundipanikiza. Anangoti ndikapeza mpata ndidutse ku ofesi kwake, ali ndi zoti andionetse.

Ndinapita Lachitatu, nditavala yunifolomu, chifukwa sindinkafuna kuti alonda a pakhomo andiyese wofuna ntchito. Chipinda chake chinali chaching'ono, makatani otseka, mapu okulungidwa ataimikidwa pakona ngati mizimbe, ndi fani yomangidwa ndi waya ikulira pamwamba pa kabati. Pa desiki panali masikirini awiri. Anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pa bokosi.

"Ichi chachokera ku satelayiti yomwe imaona kutentha," anatero. Chinali chithunzi cha timabokosi tofiira ndi tachikasu. "Bokosi limodzi ndi lalikulu ngati bwalo la mpira. Chimandiuza kuti mtaya ukutentha chapakati, koma malo enieni sichinena. Komanso pulasitiki wakuda akaotha dzuwa, icho chimati ndi moto."

Anatsegula china, chotuwa ngati nkhoko za m'poto. "Ichi ndi cha rada. Rada saopa utsi kapena mitambo, ndipo amadziwa ngati nthaka yatsika, ngakhale kutsika kwa chala chimodzi. Moto ukamadya zinyalala pansi, pamwamba pamatsika. Koma zinyalala zikamaola pamatsikanso. Ndiye rada amangoti patsika apa, patsika apo, chifukwa chake osanena."

Chachitatu chinali chokongola, chojambulidwa ndi dironi, kandege kaja kouluka kopanda munthu. Ndinaona galimoto yathu, mpaka chisoti cha dalaivala wathu, yemwe timamutcha Ndevu, chili pa bonati. "Ichi chimaona chilichonse chapamwamba," anatero Mzime, "ming'alu, udzu wouma. Zapansi ndi wakhungu."

Chomaliza chinali chakale, chopanda mtundu, chojambulidwa pa ndege ife tisanabadwe. Mtaya kunalibe. Kunali chigwa, ndi kamtsinje kochokera ku fakitale kodutsa m'chimpaipi cha simenti.

"Ndiye zonsezi n'zabodza," ndinatero.

"Si zabodza. Chilichonse chikunena mbali yake, ngati mboni za ndewu ya pa msika. Ntchito yanga ndi kuzikhazika pamodzi kuti ndione pomwe zikugwirizana. Koma taonani." Anaika chimodzi pamwamba pa chinzake. Mpanda wa pa chithunzi ichi unagwera pa msewu wa pa chinacho. "China chinajambulidwa chopendekeka, china chowongoka. Chakalechi ndi cha kutenthachi ndizimangirira pa ngodya za fakitale, poti sizinasunthe. Koma pa mtaya penipeni palibe chokhazikika. Ndikufuna zizindikiro zoti dironi ndi rada azione pa malo amodzi. Ine kukwera mtaya woyaka sandilola. Inu amakulolani."

Mmenemo ndi momwe ozimitsa moto tinasandukira openta matayala. Tinatola matayala akale, kuwapaka penti yoyera, kuwayala pa mtaya monse momwe Mzime anatilozera. Rada saona penti, amaona chitsulo, choncho Ndevu, yemwe amadziwako zowotcherera, anapinda malata kukhala ngati ngodya ya bokosi yotsegukira kumwamba, ndipo tinkaika chimodzi pambali pa tayala lililonse. Pa malo aliwonse ndinkaima ndi kachipangizo ka Mzime koyezera malo, osasuntha, mpaka katalira.

"Bwana," anatero Ndevu akupukuta thukuta m'ndevu zake, "mkazi wanga akandifunsa kuti lero mwazimitsa chiyani, ndinene kuti tinkakongoletsa mtaya?"

"Umuuze kuti unkalankhula ndi satelayiti."

"Ndiye andiuza kuti ndayambiranso mowa."

Kenako kunali kudikira, chifukwa satelayiti siibwera poitanidwa, imadutsa nthawi yake. Mzime anati ayenera kuidikira idutse kangapo. Masabata amenewo tinapitiriza kuthira madzi pa utsi, poti sitikanangokhala manja lende anthu akutsokomola. Koma mtima wanga sunalinso pa paipi.

Tsiku lina m'mawa, tikukonzeka kunyamuka, Mzime anafika pa siteshoni pa njinga yamoto ya hayala, tsitsi lili nyankhalala, laputopu ataikumbatira. Sanapereke moni n'komwe.

"Achimwene, galimoto mumaimika pati?"

"Pa kamsewu, pamene timaimika masiku onse."

"Lero musaimikepo."

Anatsegula laputopu pa sitepe ya galimoto. Zithunzi zija tsopano zinali chimodzi. Matayala athu oyera anakhala ndendende pa timadontho towala ta malata a Ndevu. Ndipo panali chinthu chooneka ngati lilime, chofiira, chogona motsata chigwa chakale chija. Pamenepo m'pomwe kunkatentha, m'pomwe nthaka inkatsika msanga kuposa kwina konse, m'pomwenso dironi inaona ming'alu ndi udzu wofa. Lilimelo linali kumtunda, kutali ndithu ndi mpanda komwe tinkathira madzi. Nsonga yake inali pansi pa kamsewu kathu.

"Utsi ukulowa m'chimpaipi chakale cha simenti," anatero, "n'kukatulukira kumunsi. Inu mwakhala mukuthirira pa chumuni."

"Uli ndi chitsimikizo?"

"Cha motowo, ndikukhulupirira ndithu. Malire ake enieni ndikhoza kuphonya ndi kutalika kwa galimoto imodzi kapena ziwiri. Koma pansi pa msewu pali mphako, ndipo galimoto yanu ikadzaza madzi ndi yolemera."

Akulu a siteshoni anali ku msonkhano, ndipo mawu omaliza anali anga. Kuimika galimoto kunja kwa geti kunatanthauza kukoka mapaipi mtunda wautali, padzuwa, anthu atatopa kale. Anyamata anang'ung'udza. Wina anati, mokweza kuti ndimve, tsopano tikulamulidwa ndi katuni ya pa kompyuta. Ndinamuyang'ana Mzime. Ndinamulera ndine bambo atamwalira, ndipo ndimadziwa nkhope yake akamaganizira chabe ndi nkhope yake akadziwa. Ndinauza Ndevu kuti aimike kunja kwa geti.

Kuti tikumbe pankafunika chilolezo cha injiniya wa khonsolo, bambo wachikulire, wodekha, amene mtayawo wakhala m'manja mwake zaka zambiri. Sanali munthu wouma mutu. Anamvetsera zonse, anafunsa mafunso ovuta, ndipo Mzime pena ankayankha, pena ankati, "Zimenezo sindikudziwa, bwana, zithunzi sizinena." Injiniyayo anati kukumba pa mtaya woyaka n'koopsa, chifukwa ukatsegula polakwika umaupatsa moto mpweya. Anati tiyambe tabaya ndi chitsulo, tiyeze kutentha kwa pansi. Anapereka chilolezo choti Mzime akwere nafe.

Tinamuveka jombo zazikulu kuposa mapazi ake, chisoti ndi chophimba kumphuno. Tinakwera wapansi, titamangana chingwe m'chiuno, tikuponda pa matabwa. Mzime anayenda patsogolo panga akuyang'ana kachipangizo kake, n'kuima pamalo pena pamene panalibe utsi ngakhale pang'ono.

"Apa."

Tinakhomera chitsulo chachitali chokhala ndi choyezera kutentha kunsonga. Chinalowa movuta. Tinadikira. Injiniya anawerama n'kuwerenga. Kunali kofunda chabe, monga mmene zinyalala zoola zimafundira. Titachizula, Ndevu anachigwira ndi dzanja lopanda golovesi n'kundiyang'ana mondimvera chisoni.

Injiniya anayang'ana wotchi. Ine ndinada nkhawa, osati chifukwa cha ine, koma poganiza kuti mwana wa amayi anga achita manyazi pamaso pa anthu anga.

Mzime sanagwedezeke. Anagwada pa thabwa, laputopu pa bondo, n'kuyang'ana kwa kanthawi.

"Tabaya m'mphepete mwa chigwa," anatero. "Kutentha kumakwera motsata phiri, ndiye pamwamba kumaonekera cham'mbali. Ndinapatsa mphamvu zambiri chithunzi cha kutentha. Rada akuloza cha uko, ndipo chithunzi chakale chikugwirizana naye. Bwana, ndinanena kuti ndikhoza kuphonya ndi galimoto ziwiri. Ndipatseni galimoto zangazo."

Injiniya anamwetulira pang'ono. "Tengani, mayi."

Tinasuntha matabwa. Pamalo achiwiriwo chitsulo chinalowa movuta poyamba, kenako chinangoti phwii, kutsika chokha ngati chabaya thumba lopanda kanthu. M'mbali mwake munatuluka mpweya wolira ngati ketulo. Injiniya anayang'ana choyezera, n'kubwerera m'mbuyo, n'kutiuza tonse tibwerere. Pozula, golovesi ya Ndevu inayamba kufuka, ndipo nsonga ya chitsulo inatuluka yakuda, penti yonse itapsa.

Ndevu anavula golovesiyo, n'kuiponya pansi, n'kuyang'ana Mzime. "Achemwali," anatero, "funsaninso kumwambako, mwina akudziwa komwe kunapita wilibala yanga."

Tinaseka tonse, ngakhale injiniya. Mzime anaseka nawo, n'kutseka laputopu. Ndinamugwira paphewa potsika, ngati kuti ndikumuteteza kuti asaterereke.

Tinabaya malo ena ambiri tsiku limenelo ndi lotsatira, ndipo chilichonse chomwe tinkapeza Mzime ankachilowetsa m'mapu ake, malire a moto n'kumaonekera bwino. Zinapezeka kuti m'chigwa chija anthu a fakitale ankatayamo utuchi ndi matayala, ndipo n'zimene zinkanyeka. Njira yozimitsira anaikonza ndi injiniya: kutseka kukamwa kwa chimpaipi chija kuti mpweya usalowe, kukumba ngalande yakuya kutsogolo kwa moto n'kuidzaza ndi dongo, ndi kukwirira ming'alu yonse ndi dothi lotsendera. Moto wotere suphedwa ndi madzi, umaphedwa ndi kuutsamwitsa. Mzime ankalozera woyendetsa katapila poyenera kudutsa ndi posayenera kupondapo. Ife tinkaima pambali ndi mapaipi, kuzimitsa chilichonse chomwe chayaka pokumba.

Ntchito ili mkati, masana ena dzuwa lili paliwombo, tinamva kugunda ngati chitseko chachikulu chamenyetsedwa. Kamsewu kaja kanali katagumuka. Pamalo enieni pomwe tinkaimika galimoto panali chidzenje choti galimotoyo ikanalowa yonse, m'kati mukuoneka makala ofiira. Panalibe munthu pafupi, poti malowo anali atazunguliridwa kale ndi riboni. Ndevu anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali. Amakonda kukhala m'galimoto ife tikamathira madzi, akusamala pampu. Madzulo ake anapita ku ofesi ya mapu ndi mkazi wake kukathokoza Mzime.

Utsi sunathe tsiku limodzi. Unkachepa pang'onopang'ono, ndipo satelayiti ikadutsa Mzime ankatiuza kuti lilime lija lafupika, nthaka yachepetsa kutsika. Mvula yoyamba isanagwe, amayi anatsegula mawindo, n'kuchapa makatani onse a m'nyumba.

Khonsolo inaitanitsa msonkhano mu holo yake kuti anthu a m'deralo amve zomwe zinachitika. Ife tinakhala kumbuyo, pa mabenchi, mu yunifolomu. Mzime anaima kutsogolo atavala diresi la buluu lomwe mkazi wanga anamusitira. Analankhula mosavuta, moti ngakhale agogo ogulitsa makala pa geti la mtaya ankagwedeza mutu. Anaonetsa zithunzi zija chimodzichimodzi, n'kunena chomwe chilichonse chimaona ndi chomwe sichiona. Sanabise kuti kubaya koyamba kunaphonya, ndipo anafotokoza chifukwa chake. Kenako anakuza chithunzi cha dironi mpaka tayala loyera linadzaza khoma lonse.

"Popanda ichi," anatero, "zithunzi zanga zikanangokhala zokanganakangana. Amene anayala matayalawa pa nthaka yoyaka akhala kumbuyoko. Ndi anzanga a ntchito. Taimirirani, akuoneni."

Tinaimirira, mochita manyazi ngati ana a sukulu. Anthu anaomba m'manja.

Potuluka, bambo wina wovala suti, amene anabwera kuchokera ku tauni ina komwe mtaya wawo unkafukanso, anandiimitsa pakhomo n'kundigwira chanza. Anati akufuna kulankhula ndi mayi a mapu aja, koma anthu awazungulira, kodi ine ndikuwadziwa?

"Ndi mlongo wanga," ndinatero. "Bere limodzi."

Anandiyang'ana kuyambira ku jombo mpaka kumutu, n'kundigwiranso chanza kachiwiri, mwamphamvu kuposa poyamba. Ndinamutengera kwa Mzime ndikukankha anthu pang'onopang'ono, ndikuti, "Pepani, tidutse nawo," ngati kuti holoyo ndi yanga.

Zonse zitatha, Mzime anatipeza pa galimoto, nsapato zazitali zili m'manja, akuyenda chapansi pa simenti yotentha.

"Achimwene, mundipatseko lifiti. Miyendo yakana."

Malamulo salola kunyamula munthu wamba m'galimoto ya moto. Akulu a siteshoni anali pomwepo. Anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula, n'kupita ku galimoto yawo. Tinamukweza kutsogolo, pakati pa ine ndi Ndevu. Tisanafike n'komwe pa mphambano yoyamba anali atagona, mutu uli pa phewa langa, pakamwa pali yasa, chikwama cha laputopu atachigwira ndi manja awiri.

Ndevu ndi dalaivala wothamanga, ndipo mabampu amawadumpha ngati ali ndi mangawa nawo. Tsiku limenelo anayendetsa ngati wanyamula mazira, n'kuzimitsa wailesi popanda womuuza. Magalimoto a kumbuyo ankaimba mahutala, iye n'kumangowakodola ndi dzanja pa windo kuti adutse.